Agogo amaidziwa wailesi koma foni yotacha amaikana, chinasintha ndi chani?

Funso: Agogo anga aakazi anabadwa mu 1941. Tinawagulira foni yotacha kuti tizionana pa video call poti tonse tili kutali, koma amangoitsekera mu kabati nkumati "zimenezi si zanga". Chodabwitsa nchoti wailesi yawo amaidziwa mkati ndi kunja, olo makina osokera akavuta amakonza okha. Kodi zipangizozi zasintha bwanji chibadwire iwo mpaka kufika powakanika chonchi? Ndi ukalamba basi kapena pali china? Nanga tiwathandize bwanji?

Yankho:

Ukalamba uli ndi mbali yake ndithu, ndifikako, koma si umene wawagwira kwambiri agogo anuwo. Munthu wobadwa mu 1941 waphunzirapo kale zipangizo zatsopano maulendo ambiri kuposa ine ndi inu, ndipo zambiri anazilandira popanda wowakhalira pansi kuwaphunzitsa. Chimene chasintha ndi khalidwe la zipangizozo. Kale chinthu chinali ndi ntchito imodzi, unkatha kuona ndi maso mmene chikugwirira, komanso zimene waphunzira lero zinkakhala zomwezo mpaka chinthucho chitatha. Foni yotacha inaphwanya zitatu zonsezi pakamodzi, nde musadabwe kuti munthu amene amamasula makina osokera akuiona ngati chinthu chosadalirika.

Tiyambire kumene iwo anayambira. Mu 1941 wailesi inalipo kale koma inali chibokosi chathabwa cholemera, mkati mwake muli mavalavu, timabotolo tagalasi tokhala ngati mababu timene tinkayenera kutentha kaye kuti mawu atuluke, nde ukayatsa umadikira kaye kanthawi isanayambe kulankhula. Inkadya magetsi kwambiri, ndipo nyumba zambiri padziko lapansi nthawi imeneyo zinalibe magetsi nkomwe, kuunikira kunali kwa nyali ya palafini kapena kandulo, kusita kunali kwa nsimbi ya makala. Telefoni mmadera ambiri inkadutsira kwa opareta, munthu weniweni wokhala kutsogolo kwa bolodi la mawaya, iwe umatchula amene ukumufuna iye nkulumikiza waya ndi dzanja. Uthenga wachangu unali telegalamu, yolipira potengera kuchuluka kwa mawu, nchifukwa chake inkakhala yaifupi ndipo anthu ankaiopa poti kawirikawiri inkabweretsa nkhani yoipa. Ngakhale bolopeni imene timaitaya mwachisawawa lero inali yachilendo, László Bíró anali atangoilembetsa kumene mu 1938, ndipo Bic yotchipa ija inabwera mu 1950, ana asukulu ambiri ankaviika cholembera mu inki. Kompyuta? ENIAC imene anaionetsa ku America mu 1946 inali ndi mavalavu pafupifupi 18,000, yolemera pafupifupi matani 30, yodzaza chipinda chachikulu chonse.

Agogo ali ndi zaka 6, mu December 1947, akatswiri atatu a ku Bell Labs, malo ofufuzira za sayansi ku America, John Bardeen, Walter Brattain ndi William Shockley, anatulukira transistor. Ngati mukufuna chinthu chimodzi chofotokozera zonse zimene zachitika pa moyo wa agogo anu, ndi kameneka. Transistor imagwira ntchito ya valavu ija, kukweza mphamvu ya siginolo komanso kutsegula ndi kutseka njira ya magetsi, koma ndi kakang'ono, sikadikira kutentha, sikasweka ngati galasi ndipo kamadya moto wochepa zedi. Mwa zinthu zoyambirira kugulitsidwa zokhala ndi transistor munali timakina tothandiza kumva tija, cha mma 1952, zoti anthu ambiri sadziwa. Kenako mu 1954 kunatuluka Regency TR-1, wailesi yolowa mthumba yokhala ndi ma transistor anayi okha, a Sony nkutsatira ndi zawo zimene zinafalikira dziko lonse. Apa mpamene wailesi inakhala yopepuka ndi yosadya moto wambiri, miyala ingapo basi ikulankhula, ukhoza kupita nayo kumunda kapena paulendo. Nde wailesi imene mukuti agogo amaidziwa mkati ndi kunjayo, pa nthawi yawo inali chinthu chatsopano kwambiri, iwo anali achinyamata amene ankaitchuna pamene akuluakulu awo ankaiyang'ana mokaikira. Muwafunse, mwina akukumbukira.

Chotsatira chinali kuphatikiza ma transistor ambiri pa kachidutswa kamodzi, chip. Jack Kilby anachita zimenezi mu 1958, Robert Noyce naye mwa njira yake mu 1959. Mu 1965 Gordon Moore anaona kuti chiwerengero cha tizipangizo pa chip chikuwirikiza kawiri pakapita kanthawi kochepa, ndipo zinapitiriradi choncho kwa zaka makumi angapo. Chip ya Intel 4004 ya mu 1971 inali ndi ma transistor 2,300. Chip ya mu foni yapamwamba ya masiku ano ili ndi opitirira 10 biliyoni. Kuchoka pa anayi a mu wailesi ija kufika mabiliyoni, zonsezi mkati mwa moyo wa munthu mmodzi amene mukumudziwa.

Koma taonani chimene chinatayika panjira, poti apa mpamene pagona yankho lanu. Makina osokera amadzifotokoza okha. Ukaponda, lamba akuzungulira, gudumu likuyenda, singano ikutsika, ulusi wa pa bobini ukukumana ndi wapamwamba. Ulusi ukamaduka umaona kuti wathina, umamasula pang'ono, makina akamalira umathira mafuta. Munthu watcheru amawaphunzira ndi maso ndi makutu popanda buku. Wailesi ya transistor nayo inali pafupi ndi pamenepo, kogudubuza kamodzi ka voliyumu, kena kosakira siteshoni, kamuvi kofiira kakuyenda pa manambala ukuona, mlongoti wokoka, kumbuyo kachitseko ka mabatire. Ikafa wokonza mawailesi ankatsegula nkuona waya wothothoka, kuwotcherera, basi yadzuka. Foni yanuyo mukaitsegula simuona chilichonse choyenda, kabolodi kobiriwira ndi timabokosi takuda basi, ndipo zambiri anamata ndi guluu kuti musatsegule nkomwe. Nzeru za agogo zoyang'ana chinthu mpaka kuchimvetsa zilibe pogwira. Ife sitidandaula chifukwa tinakula osayembekezera kumvetsa, timangodina chikatheka chatheka, ndipo kunena zoona ambiri mwa ife foni sitiidziwa, tinangoloweza njira zake.

Za nyimbo ndi zithunzi ndingodutsamo. Galamafoni ndi mbale zake, kenako kaseti imene a Philips anatulutsa mu 1963, Walkman ya Sony mu 1979, CD mu 1982, kenako memory card, pano nyimbo sizikhalanso pa chinthu chogwirika, zimangobwera pa intaneti. Kaseti ndimaipatsa ulemu wapadera chifukwa inali koyamba munthu wamba kutha kujambula mawu ake mosavuta, ndipo mmaiko ambiri anthu opita kutali kukagwira ntchito ankajambula uthenga pa tepi nkutumiza kwawo, makamaka kwa abale osatha kuwerenga. Musungeko mfundo imeneyi tibwereranso. Kamera inali ya filimu ya zithunzi 24 kapena 36, umaganiza kaye usanajambule ndipo umadikira akatsuke kuti uone ngati unaphethira. Kamera ya digito yoyamba anaipanga Steven Sasson ku Kodak mu 1975, inkatenga masekondi 23 kusunga chithunzi chimodzi chakuda ndi choyera pa kaseti, ndipo zoseketsa zake nzoti luso lomwelo ndi limene linadzagwetsa msika wa filimu mpaka Kodak yomweyo inalengeza kuti yalephera kubweza ngongole mu 2012.

Telefoni ndi imene yasintha kwambiri mmene timakhalira. Mu 1956 anayala waya woyamba wa telefoni pansi pa nyanja ya Atlantic, ndipo unkanyamula makambirano 36 okha pa nthawi imodzi pakati pa Ulaya ndi America, nde tangoganizani kuvuta ndi kudula kwake kuimba kunja. Pa 3 April 1973 Martin Cooper wa ku Motorola anaimba foni yam'manja koyamba ali mumsewu ku New York, koma inatenga zaka 10 kuti ifike pamsika, DynaTAC ya mu 1983, yolemera pafupifupi magalamu 800, kutchaja maola 10 kuti ulankhule mphindi 30. Netiweki ya GSM, imene inabweretsa SIM card, inayamba mu 1991 ku Finland, ndipo meseji yoyamba inatumizidwa pa 3 December 1992. Chimene chinatsegulira anthu wamba chinali njira yogula mayunitsi pasadakhale imene inafala mma 1990, poti sunafunikenso bilu ya pamwezi kapena keyala yokhazikika. Pofika 2002 mafoni am'manja padziko anaposa a mawaya. Nokia 1100 ya mu 2003, kafoni ka tochi kaja, inagulitsidwa zoposa 250 miliyoni.

Kusintha kwenikweni apa si waya kuchoka ayi. Kale nambala inali ya malo, umaimbira nyumba kapena ofesi, amene wayankha ndi yemweyo, umamupatsa moni nkupempha akuitanire wakutiwakuti. Wailesi inali ya banja lonse, TV chimodzimodzi, kalata nthawi zina inkawerengedwa mokweza onse akumva. Pano nambala ndi ya munthu, foni ndi ya munthu mmodzi, yokiyidwa ndi chala chake kapena nkhope yake. Kwa munthu amene wakhala zaka zambiri zinthu zili zogwiritsa ntchito pamodzi, kumupatsa chipangizo nkumuuza kuti ichi nchanu nokha, muzichisamala nokha, muzikumbukira pasiwedi nokha, ndi katundu amene ife sitimuona kulemera. Komabe ndikukhulupirira kuti agogo anu foni ya mabatani anailandira bwinobwino, ambiri amsinkhu wawo anatero, chifukwa batani lobiriwira limayankha, lofiira limadula, dzulo lero ndi mawa, ndipo chala chimalipeza olo mumdima.

Pali kusintha kwina kumene sikutchulidwa kawirikawiri koma kwa ine ndi kumene kwakhudza moyo wa tsiku ndi tsiku kuposa Facebook ndi zinzake, ndiko kwa batire, babu ndi sola. Babu lakale lija la kawaya kotentha linkataya pafupifupi magawo 90 pa 100 a magetsi ngati kutentha, kuwala kunali kotsalako. LED, imene ili m'mababu osadya magetsi a masiku ano, yofiira inalipo kuyambira 1962 koma yabuluu inavuta mpaka chakumayambiriro kwa ma 1990 pamene Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura anaipeza, ndipo popanda yabuluu sukanapeza kuwala koyera, mpake anawapatsa mphoto ya Nobel mu 2014. Batire ya lithium yotchajidwa a Sony anayamba kuigulitsa mu 1991. Sola ya silicon inayambira ku Bell Labs komweko mu 1954 ikutembenuza magawo 6 okha pa 100 a kuwala kwa dzuwa kukhala magetsi, pano mapanelo wamba amafika cha mma 20, ndipo mtengo wake unatsika ndi pafupifupi magawo 90 pa 100 pakati pa 2010 ndi 2020. Zitatuzi zitakumana, nyumba imene mawaya amagetsi sanafikeko inatha kukhala ndi kuwala kopanda utsi, kutchaja foni, kumvera wailesi osagula miyala. Ndipo mwaona? Nyali ya sola palibe gogo amene amaikana. Batani limodzi, ntchito imodzi, phindu lake likuoneka usiku womwewo. Nde nkhani yoti okalamba amadana ndi zatsopano ine sindiivomereza.

Tsopano 2007, iPhone, kenako foni yoyamba ya Android mu 2008. Mabatani anachoka kunatsala galasi. Kwa opanga zinali zanzeru chifukwa galasi limodzi likhoza kukhala kiyibodi, kamera, wailesi, mapu, banki, chilichonse. Kwa wophunzira ndi pomwe panabwera chisokonezo, malo omwewo pa sikirini amatanthauza china mukakhala mu app iyi, china mukakhala mu inayo. Kugunda kamodzi, kugunda kawiri, kudina nkugwirizira, kukhwekhwereza chala cham'mbali, kutsitsa kuchokera pamwamba, zonsezi ndi malamulo osiyana ndipo palibe pamene analemba. Tizizindikiro nato ndi chinenero china, timizere titatu, timadontho titatu, kandege kapepala kotanthauza kutumiza, palibe chimene chimadziwika chokha ngati wina sanakuuze. Chomwetulitsa nchoti kachizindikiro koimbira foni kaja ndi chithunzi cha chogwirira cha telefoni yakale ya waya, agogo anachigwirapo chenichenicho pamene adzukulu ambiri sanachionepo.

Ndiye pamwamba pa zonsezi pali ma update. Mosiyana ndi zipangizo zapakhomo zakale, foni ndi chinthu chimene chimasintha chokha uli mtulo. Mwawaphunzitsa agogo mwezi wathunthu kuti kodina kali pakona yakumanja, update yabwera kasamukira pansi, mtundu wasintha, pabwera kabokosi kofunsa zoti avomereze mfundo zatsopano m'chinenero chimene mwina sawerenga. Zili ngati munthu akubwera usiku kudzasamutsa zitseko za nyumba yanu, mmawa mukuwomba khoma pamene dzulo munadutsa. Ife timangong'ung'udza nkusaka, iwo amaganiza kuti aononga kapena mutu wawo wayamba kutha, ndipo manyazi amenewo ndi amene amatsekera foni mu kabati.

Palinso mantha, ndipo ndi mantha anzeru. Pa wailesi ukalakwitsa imangochita phokoso, umabweza kogudubuza basi zatha, palibe chataika. Pa foni chala chikaphonya ukhoza kufufuta zithunzi, kuimbira munthu usiku, kumaliza bandulo osadziwa chadya ndi chani, kapena kutumiza ndalama kolakwika. Ndalama nazo paja zasintha mawonekedwe pa moyo wawo, makina a ATM oyamba anaikidwa ku London mu 1967, M-Pesa inayamba ku Kenya mu 2007 nkuonetsa dziko kuti ndalama zikhoza kuyenda ngati meseji, pano akaunti yonse ili kuseri kwa manambala anayi. Komanso agogo anakula nthawi imene chipangizo chinali chodula, chogulidwa kamodzi, ana ankaletsedwa kuchigwiragwira. Foni yotacha imaphunziridwa pogwiragwira, kudina paliponse kuona chichitike ndi chani. Mukuwapempha achite chimene moyo wawo wonse anaphunzira kuti ndi kusasamala.

Za thupi tsopano, mbali ya ukalamba ija. Galasi la foni silimva kukanikiza, limamva magetsi ochepa a pakhungu la chala. Khungu la munthu wamkulu limakhala louma, nthawi zina lokhakhala chifukwa cha ntchito, nde foni imatha osamva, iwo nkukanikiza mwamphamvu ndi kuchedwetsa chala, foni nkuyesa kuti akugwirizira nkutsegula zina. Dzanja likamanjenjemera pang'ono kugunda kumasanduka kukhwekhwereza. Maso amayamba kuvutika kuona zapafupi munthu akangodutsa zaka 40, ndipo zilembo zotuwa pa malo oyera zimene opanga ma app amazikonda ndi chilango kwa munthu wa zaka 80. Makutu amayamba kutaya mawu oonda, ndipo timabelu tambiri ta foni ndi toonda. Zonsezi ndi zenizeni koma zambiri zimakonzeka mu ma settings, osati ngati zija zapamwambazi.

Nde muchite bwanji? Choyamba foni ya mabatani musawalande ngati ali nayo, ikhale yoimbira tsiku ndi tsiku, yotachayo ikhale ya ntchito imodzi yokha imene mwaigulira, kuona nkhope zanu. Chotsani chilichonse pa sikirini yoyamba musiye zithunzi za anthu atatu kapena anayi amene amalankhula nawo, Android imalola kuika munthu pa sikirini ngati kachidule koti ukangogunda ikuimba. Kulitsani zilembo mpaka kumapeto, kwezani kuwala, sankhani belu lokhuthala mawu. Mu gawo la Accessibility muli poti mutalikitse nthawi imene foni imadikira isanaganize kuti munthu wagwirizira, sinthani pamenepo, anthu ambiri sadziwa kuti kalipo ndipo kamathandiza kwambiri. Talikitsaninso nthawi yoti sikirini izime, chifukwa palibe chokhumudwitsa ngati kuganizira chodina kenako foni yathima. Kapeni kotachira, kaja kokhala ndi labala kunsonga, kamathandiza kwambiri poti kugwira cholembera anazolowera kale komanso vuto la chala chouma limatha. Muwapezerenso koimikira foni patebulo, kugwira foni m'mwamba mphindi 20 kumatopetsa mkono ndipo inu muzingoona denga. Ngati mungathe, tabuleti imaposa foni pa ntchito imeneyi.

Pophunzitsa, chala chikhale chawo. Ili ndi tchimo la adzukulu pafupifupi onse, agogo afunsa, ife talanda foni, tadinadina mwachangu, "mwaona? nzosavuta", tabweza. Sanaone kanthu, angophunzira kuti iwo ndi ochedwa. Khalani pambali manja mwapinda, anene okha chimene akuona, adine okha, alakwitse muwaonetse pobwerera, chifukwa batani lofunika kwambiri kuliphunzira ndi lobwerera ku sikirini yoyamba, munthu akadziwa kuti olo asochere bwanji pali njira yotulukira mantha amachepa. Chinthu chimodzi pa tsiku, choyamba kuyankha kokha, kuimba kubwere pambuyo. Masitepe alembe okha m'kope ndi mawu awo ndi tizithunzi tawo, m'badwo wawo umakhulupirira pepala ndipo pepala silichita update. Kunena za ma update, sindikulangizani kuwatseka mpaka kale chifukwa ena amatseka mipata ya akuba, koma mukhoza kuletsa kuti ma app asamadzisinthe okha nkumachita pamene wina ali nawo pafupi, kuti chikasuntha awaonetse pomwepo nkukonza m'kope muja.

Kumbukirani makaseti aja. WhatsApp inayamba mu 2009 ngati yolemberana, koma mu 2013 anaikamo voice note, ndipo mwa zonse za mu foni yotacha iyi ndi imene okalamba ambiri amaigwira msanga, gwira lankhula siya. Palibe kusaka zilembo, palibe sipelo, ndipo akhoza kumvera mawu a mdzukulu mobwereza mmene angafunire. Ine ndikanayambira pamenepa ndisanafike pa video call, imene imafuna netiweki yabwino komanso imawapangitsa ena kumangika poona nkhope yawo pa sikirini.

Chenjezo limodzi lokha muwapatse ndipo mulibwereze mpaka litakhazikika, PIN sauza munthu, olo woimbayo anene kuti ndi wa ku banki kapena ku kampani ya foni, ndipo wina akaimba kuti mdzukulu wanu ali pamavuto tumizani ndalama msanga, adule aimbire mwini wakeyo pa nambala imene akuidziwa. Masiku ano pali mapulogalamu otha kutsanzira mawu a munthu, nde ngakhale mawu akumveka ngati anu asathamange. Musawaopseze ndi nkhani zambirimbiri, mukatero foni ibwerera kumene munaichotsa. Ndipo ngati palibe chifukwa, musaike nkomwe za ndalama mu foni yotachayo.

Mwina mudzayesa zonsezi iwo nkukanabe. Palibe cholakwika. Ngati pali wachibale kapena woyandikana nawo wodalirika amene angamayankhe video call nkuwaimikira foni patsogolo pa tsiku ndi ola limene mwagwirizana, cholinga chanu chakwaniritsidwa, ndipo kwa iwo zikhala zachizolowezi poti telefoni ya kale inkayendanso choncho, wina amayankha nkukuitana. Chimodzi choti muyang'anire pa foni ya mabatani, maiko angapo ayamba kuzimitsa netiweki zakale za 2G ndi 3G, nde ikadzafuna kusinthidwa mugule ya mabatani yomwe imagwira 4G, zilipo.

Pomaliza pali ntchito ina imene foni imeneyo ingagwire olo agogo asaikhudze. Kalata ndi zithunzi zotsukidwa za m'badwo wawo zikadalipo m'masutikesi patapita zaka 50, pamene zathu zimapita ndi foni ikabedwa kapena ikagwa m'madzi, nde zithunzi zabwino za adzukulu muzitsukitsako zina muwatumizire zogwirika. Ndipo mukadzapita kukawaona, tsegulani chojambulira mawu muike foni patebulo muwafunse mafunso enieni, wailesi yoyamba anaimvera kwa ndani ndipo inkanena chani, kalata inkatenga masiku angati kuti yankho libwere, analankhula pa telefoni koyamba ali ndi zaka zingati ndipo anaigwira molondola kapena chadodolido, makina osokerawo anawapeza bwanji. Mafunso otere amatsegula nkhani kuposa kungoti "tiuzeni za kale". Mukajambula musasiye mu foni mokha, koperani pa kompyuta kapena pa flash, kwinanso mutumizire m'bale wina asunge, chifukwa memory card imafa osatsanzika.